Mbiri ya Autism: Kuchokera ku Baltimore Kufika ku Lungwena



Ndisanaloŵe ntchito ya pa wailesi ndidali mphunzitsi. Nditamaliza chaka choyamba ku koleji ya aphunzitsi, adanditumiza kukayeserera ntchito pa sukulu ina ya pulayimale m'boma la Mangochi, pafupi ndi doko la asodzi. Adandipatsa Sitandade 1, ana oposa 100, kalasi yake pansi pa mtengo wa mango. M'gulu limenelo mudali mnyamata wa zaka 7 amene adandisoŵetsa mtendere. Ndikamufunsa kuti, "Dzina lako ndani?" iye ankayankha kuti, "Dzina lako ndani?" Anzake akamaimba, iye ankakhala payekha kumbuyo akundandika zitsekerero za mabotolo pamzere, ndipo wina akasuntha chimodzi, ankalira ngati wapsa ndi moto. Belu la pasukulupo lidali chitsulo cha gudumu la galimoto chopachika mumtengo. Akangolimenya, mwanayo ankatseka makutu ndi manja onse aŵiri. Komabe pofika teremu yachiŵiri, mwana yemweyo ankaŵerenga manambala mpaka 1,000 pamene anzake adali kuvutika ndi 20. Ine ndidafulumira kuŵeruza kuti ndi mwano, ndipo kangapo konse ndidamugwaditsa padzuŵa. Ndimachita manyazi ndikakumbukira.

M'mudzi womwewo mudali mtsikana wina wamkulupo amene sadapondeko n'komwe pasukulu. Sankalankhula ngakhale liwu limodzi. Ankadziluma dzanja mpaka kutuluka magazi, ndipo akapeza mpata ankathamangira kunyanja, usiku kapena usana. Amayi ake akamapita kukayanika usipa pathandala ankamutsekera m'nyumba, poopa kuti angamire.

Patapita zaka, ndikukonza programu ya zaumoyo, dokotala wina wa ana adandilongosolera zizindikiro za vuto lotchedwa autism. Ali mkati molankhula, ana aŵiri aja adandibwerera m'maganizo onse pamodzi. Tsono funso limene ndakhala nalo kuyambira tsiku limenelo ndi ili: zitheka bwanji kuti mwana woŵerenga mpaka 1,000 ndi mwana wosatha kupempha madzi akumwa atchedwe dzina limodzi? Yankho lake lili m'mbiri ya zaka zoposa 100, ndipo madokotala eni ake akadatsutsanabe.

Liwu lakuti autism lilibe linzake m'Chicheŵa kapena m'Chiyao. Mayina amene timaŵapatsa ana otere, monga wozerezeka, wopepera kapena chitsiru, ndi mayina onyoza, ndiponso amaunjika pamodzi mavuto ambiri osiyana. Liwulo lidachokera ku liwu la Chigriki lotanthauza "mwini wake", ndipo adalifalitsa ndi Dokotala Eugen Bleuler wa ku Switzerland m'chaka cha 1911, pofotokoza za akuluakulu odwala misala amene amadzitsekera m'maganizo mwawo. Kaamba ka chiyambi chimenechi, madokotala adakhala akusokoneza autism ndi misala kwa zaka pafupifupi 70. Woyamba kulemba mwatsatanetsatane za ana amene lero tingati ali ndi autism adali mayi, Dokotala Grunya Sukhareva wa ku Moscow, amene m'chaka cha 1925 adafotokoza za anyamata 6. Ntchito yake idaiŵalika kwa nthaŵi yaitali.

Amene dziko lidamumvera ndi Dokotala Leo Kanner wa pa chipatala cha Johns Hopkins mu mzinda wa Baltimore ku America. M'chaka cha 1938 kudabwera kwa iye banja lina lochokera m'tauni yaing'ono ya Forest, m'chigawo cha Mississippi, ndi mwana wawo wa zaka 5 dzina lake Donald Triplett. Bambo ake adali atatsogoza kalata ya masamba 33 yofotokoza khalidwe la mwanayo. Ali ndi zaka 2, Donald ankanena pamtima Salimo 23 lonse, koma sankasamala ngati amayi ake aloŵa kapena atuluka m'chipinda. Ankakonda kuzungulitsa ziŵiya pansi, ankabwereza mawu a anthu ena, ndipo zinthu zikasintha malo ankalusa. M'chaka cha 1943 Kanner adasindikiza nkhani ya ana 11 otere, anyamata 8 ndi atsikana 3, ndipo Donald adali woyamba pamndandanda. Zinthu ziŵiri zimene Kanner adaziona mwa onsewo ndi kukhala kwayekha kuyambira ukhanda, ndi kufunitsitsa kuti zinthu zizikhala monga zidalili dzulo.

Moyo wa Donald ndi woyenera kuumva, makamaka kwa ife alimi. Akadali mnyamata, makolo ake adamutumiza kukakhala ndi banja lina la alimi kufupi ndi kwawo. Mlimiyo ataona kuti mnyamatayo amakonda kuyeza zinthu, adamupatsa ntchito yokumba chitsime ndi kumanena kuya kwake. Ataona kuti amakonda kuŵerenga mizere ya chimanga, adamuuza kuti aziŵerenga akulima. Pambuyo pake Donald adaphunzira mpaka ku koleji, adagwira ntchito pa banki ya m'tauni yakwawo kwa zaka zoposa 60, ankayendetsa galimoto ndiponso adayenda maiko ambiri. Adamwalira mu June 2023 ali ndi zaka 89. Komatu Kanner atalondola ana 11 aja m'chaka cha 1971, adapeza kuti aŵiri okha ndiwo adali pa ntchito yolipidwa. Ena angapo adali atakhala zaka zambiri m'zipatala za boma, ndipo luso limene adali nalo paubwana lidali litazimirira. Motero kusiyana kumene ndidakuona pakati pa mnyamata ndi mtsikana a kudoko kuja kudaliponso ngakhale m'gulu loyambirira lenilenilo.

Nthaŵi yomweyo, nkhondo yachiŵiri ili mkati, Dokotala Hans Asperger wa ku Vienna adalemba m'chaka cha 1944 za anyamata 4 olankhula bwino, odziŵa zinthu zozama pa nkhani imodzi yokha, koma osatha kupanga ubwenzi. Popeza adalemba m'Chijeremani, ambiri a maiko olankhula Chingerezi sadamuŵerenge kwa zaka pafupifupi 40. Dzina lake lidatchuka pambuyo pake, kenaka lidadetsedwa m'chaka cha 2018, pamene wofufuza mbiri Herwig Czech adaonetsa makalata otsimikiza kuti Asperger adathandiza kutumiza ana ena olumala kwambiri ku chipatala cha Am Spiegelgrund, kumene boma la Hitler lidapha ana mazanamazana. Izi tizikumbukire tikafika pa mkangano wa masiku ano, popeza kugaŵa ana m'magulu a "othandizika" ndi "osathandizika" kudaphetsapo ana.

Tsono kudabwera nyengo ya kuloza zala. Kanner adalembapo kuti makolo a ana amene adaŵaona adali anthu ophunzira koma ozizira mtima. Mawu ameneŵa adakula m'kamwa mwa ena, makamaka Bruno Bettelheim wa ku Chicago, amene m'buku lake la 1967 adaphunzitsa kuti mwana amadzitsekera chifukwa amayi ake samufuna. Amayi zikwizikwi adanyamula mlandu umene sadapalamule, ndipo ena adalandidwa ana. Ife tisafulumire kuŵaseka azunguwo. Kwathu kuno, mwana wotere akabadwa m'nyumba ya munthu wa maboti aŵiri kapena wobwera ndi galimoto kuchokera ku Joni, anthu amanong'ona kuti bambo adakhwimira mwana kuti alemere. Akabadwa m'nyumba ya mmphaŵi, amati makolo adadumpha mwambo, ndi tsempho, kapena ndaka monga anenera anzathu a Chiyao. Ndipo poti kumbali zathu zino mwamuna ndi mkamwini, kaŵirikaŵiri amangonyamula chikwama chake n'kubwerera kwawo, mayi n'kutsala ndi mwana pamodzi ndi mbiri yoipa.

Amene adathyola bodza la Bettelheim adali makolo eni ake. Bernard Rimland, katswiri wa zamaganizo amene mwana wake adali ndi autism, adalemba m'chaka cha 1964 kuti gwero la vutoli lili m'kapangidwe ka ubongo. M'chaka cha 1969 Kanner adanena poyera pamsonkhano wa makolo kuti iwo alibe mlandu. Umboni wamphamvu udabwera m'chaka cha 1977 kuchokera kwa Susan Folstein ndi Michael Rutter a ku London, amene adafufuza mapasa. Mwa mapasa ofanana kwathunthu a m'mabanja 11, m'mabanja 4 vutoli lidapezeka mwa ana onse aŵiri; mwa mapasa osafanana a m'mabanja 10, padalibe banja ngakhale limodzi lotero. Mapasa onsewo adayamwa bere limodzi ndi kukulira m'nyumba imodzi, choncho kusiyanako sikukadachokera ku kaleredwe. Kafukufuku wochuluka wotsatira watsimikiza kuti mbali yaikulu ya autism ndi yakumtundu, ndipo zina zimene zimaonjezera mpata wake ndi monga kubadwa masiku asanakwane ndi matenda a rubella akagwira mayi woyembekezera.

Nanga ana otere ndi angati? Woyamba kuŵaŵerenga mwadongosolo adali Victor Lotter, amene m'chaka cha 1966, m'dera la Middlesex ku England, adapeza ana 4 kapena 5 mwa ana 10,000 alionse. Lotter yemweyo adadzayendera maiko angapo a mu Africa muno, naona ana 1,312 amene adali m'malo osungira ana a vuto la nzeru. M'lipoti lake la 1978 adati 9 okha ndiwo adali ndi autism, chiŵerengero chochepa kwambiri kuposa chimene ankayembekeza. Ena adatengerapo mwaŵi wonena kuti autism ndi vuto la maiko otukuka, lobwera ndi moyo wa m'mizinda, ndipo maganizo ameneŵa adamveka mpaka m'zaka za m'ma 1980. Koma taganizani, omvera: Lotter adaona ana okhawo amene adali atafika kale m'manja mwa mabungwe. Mtsikana wotsekeredwa m'nyumba kudoko, ndani akadamuŵerenga?

Mbiri ya dziko lathu lomwe ikuonetsa chifukwa chake ana otere sankaoneka. Malo oyamba osungira odwala misala mu Nyasaland adatsegulidwa m'chaka cha 1910 ngati mbali ya ndende yaikulu ya Zomba, ndipo chipatala chenicheni cha Mentolo chidamangidwa m'chaka cha 1953. Kumeneko kunkapita makamaka akuluakulu amene asokoneza mtendere wa m'mudzi kapena wa boma. Mwana wosalankhula sankaopseza bwanamkubwa. Maphunziro a ana olumala nawonso adayamba ndi zimene maso amaona msanga. Amishoni adatsegula sukulu za ana osaona ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe m'boma la Nsanje cha m'ma 1950, kenaka za ana osamva ku Montfort m'boma la Chiradzulu cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Bungwe la MACOHA lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1971. Maphunziro a aphunzitsi a ana ovutika kuphunzira adadza mochedwa, m'chaka cha 1996, patangopita zaka 2 chiyambire sukulu yaulere imene idadzaza makalasi athu.

Tibwerere ku London, kumene mayi wina adasintha nkhani yonse. Dokotala Lorna Wing adali ndi mwana wamkazi wa autism yoopsa. Iye ndi mnzake Judith Gould adayenda m'dera la Camberwell kufufuza ana onse ofuna chithandizo chapadera, ndipo m'chaka cha 1979 adalengeza kuti ana ofanana ndendende ndi a Kanner adalidi ochepa, koma padali ena ambiri, pafupifupi 20 mwa 10,000, amene adali ndi mavuto a mtundu womwewo pa milingo yosiyanasiyana. Ena ankathaŵa anthu, ena ankangololera chilichonse mwachete, ndipo ena ankathamangira anthu ndi kuŵalankhula kosalekeza za chinthu chimodzi osaona kuti womvera watopa. M'chaka cha 1981 Wing adafukula ntchito ya Asperger naidziŵitsa kwa olankhula Chingerezi. Kuchokera kwa iye tidalandira ganizo lakuti autism ili ngati utawaleza, umene mitundu yake imaloŵerana popanda malire oonekera. Cholinga chake chidali chachifundo: ankaona ana akubwezedwa pakhomo la chithandizo chifukwa chakuti sadakwanire m'kabokosi kakang'ono ka Kanner.

Mabuku a madokotala adatsatira pang'onopang'ono. Buku lalikulu la madokotala a zamaganizo a ku America, lotchedwa DSM, lidalekanitsa autism ndi misala m'chaka cha 1980. M'chaka cha 1994 lidaonjezera dzina la Asperger ngati vuto lapalokha. M'chaka cha 2013 lidafufutanso dzinalo, niliika onse pansi pa dzina limodzi, koma pa milingo itatu yoyezedwa ndi kukula kwa chithandizo chimene munthu akufuna: wofuna chithandizo, wofuna chithandizo chambiri, ndi wofuna chithandizo chambiri zedi. Zizindikiro zidaikidwa m'magulu aŵiri, kuvutika kumvana ndi kucheza ndi anthu, ndiponso kubwerezabwereza zinthu pamodzi ndi kumva phokoso, kuŵala kapena kukhudzidwa mosiyana ndi ena. Mnyamata wanga wotseka makutu pomva belu adali m'menemo.

Khomo litakula chotero, ziŵerengero zidakwera modabwitsa. Bungwe la boma la America loona za matenda, la CDC, lidapeza mwana mmodzi mwa 150 m'chaka cha 2000, mmodzi mwa 36 m'chaka cha 2020, ndi mmodzi mwa 31 m'chaka cha 2022. Anyamata amapezeka nawo kuposa atsikana katatu kapena kanayi. Akatswiri ambiri amati gawo lalikulu la kukweraku lachokera ku kukula kwa tanthauzo ndi kuchuluka kwa oyeza. Msodzi akachepetsa maso a ukonde amakola nsomba zambiri ngakhale nyanja ili yomweyo. Allen Frances, amene adatsogolera olemba buku la 1994, adadzadandaula yekha kuti adatsegula khomo mopitirira, kotero kuti ana ena amanyazi chabe kapena a khalidwe lachilendo pang'ono akupatsidwa dzina limene adzalisenza moyo wonse.

Pa nthaŵi ya mantha imeneyi padabukanso bodza lina limene lidafika mpaka kwathu kuno. M'chaka cha 1998 dokotala wina wa ku London, Andrew Wakefield, adalemba za ana 12 nanena kuti katemera wa chikuku angayambitse autism. Zidadziŵika pambuyo pake kuti adapotoza zimene adapeza; m'chaka cha 2010 nkhani yakeyo idafufutidwa ndipo iye adalandidwa chilolezo cha udokotala. Ku Denmark adalondola ana oposa 650,000, ndipo lipoti la 2019 lidaonetsa kuti obayidwa katemera sapezeka ndi autism kuposa osabayidwa. Chimene chimasokoneza makolo n'chakuti zizindikiro za autism zimayamba kuoneka bwino mwana ali pakati pa chaka chimodzi ndi zaka 2, nthaŵi yomweyo imene akulandira katemera. Ife amene tidaona mliri wa chikuku wa 2010, umene udagwira anthu pafupifupi 134,000 m'Malaŵi muno ndi kupha oposa 300, tikudziŵa mtengo wa kuthaŵa katemera. Ndipo katemera amene ana athu akhala akulandira kuyambira 2017 amatetezanso ku rubella, matenda omwe aja amene angaononge ubongo wa mwana ali m'mimba.

Mkangano waukulu wa lero uli pakati pa magulu aŵiri amene onse ali ndi mfundo. Gulu loyamba ndi la anthu a autism amene akula, amalankhula ndi kulemba okha. Iwo amati autism si matenda ofuna kuchizidwa. Ndi kapangidwe kena ka ubongo, ndipo chofunika n'chakuti dziko liŵapatse malo. Amaloza kwa anthu onga Temple Grandin, amene sadalankhule mpaka atapitirira zaka 3, koma adakhala pulofesa wa zaziŵeto ku Colorado ndipo adakonza makola ndi njira zoyendamo ng'ombe zimene zafala ku America konse. Gulu lachiŵiri ndi la makolo a ana onga mtsikana uja. Iwo amati dzinali latanuka mpaka ana awo asoŵa m'kati mwake, popeza pawailesi ndi pamisonkhano pamamveka okhawo otha kudzilankhulira. M'chaka cha 2021 gulu la akatswiri loitanidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet lidapempha kuti pakhale dzina lapadera la autism yozama, ya munthu wosalankhula kapena wa vuto lalikulu la nzeru, amene sangasiyidwe yekha usana ndi usiku. Bungwe la CDC lidapeza m'chaka cha 2023 kuti otere ndi oposa pang'ono mmodzi mwa ana anayi alionse a autism. A gulu loyamba amakana dzinalo, akuti kulekanitsa kotere kumachititsa kuti ana ena atayidwe ngati opanda chiyembekezo, ndipo amakumbutsa za ku Vienna kuja. Ine ndimapendekera kwa makolo. Ndidaona chitseko chija chomangidwa ndi chingwe cha ukonde, ndipo sindingamuuze mayi uja kuti vuto la mwana wake ndi kusiyana chabe.

Komabe mkangano wonsewu ndi wa maiko amene dzina limatsegula khomo la sukulu yapadera ndi la ndalama za boma. Kwa ife funso loyamba ndi lakuti, timuyeza bwanji mwanayo? Autism siioneka m'magazi monga malungo. Dokotala amaizindikira poyang'ana khalidwe la mwana ndi pomva mbiri yake kwa makolo, ndipo zida zoyezera zidapangidwa kunja. M'chida china chotchuka, chotchedwa ADOS, woyeza amakonza phwando lamaseŵera la tsiku lobadwa, ndi chidole, keke ndi makandulo, kuti aone ngati mwana atengako mbali. Mwana wa ku Makanjira amene sadaonepo keke ya makandulo akangoyang'ana, tilemba chiyani? Mabuku amatinso mwana wa autism sayang'ana anthu m'maso. Koma kwathu mwana wa mwambo amagwada ndi kuyang'ana pansi akamalankhula ndi wamkulu. Woyang'anitsitsa ndiye timati ndi wamwano. Mwana wa Chiyao akafunsidwa m'Chicheŵa ndi mlendo wovala choyera, angathe kukhala chete ngakhale kunyumba ali wolongolola.

Pamenepa ndi pamene boma la Mangochi lili ndi dzina m'mbiri imeneyi. Ku Lungwena, kutsidya la kum'maŵa kwa nyanja panjira ya ku Makanjira, akatswiri a sukulu yathu ya udokotala ndi anzawo a ku Tampere m'dziko la Finland akhala akulondola umoyo wa amayi ndi ana kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Kumeneko Dokotala Melissa Gladstone wa ku Liverpool, pamodzi ndi anzake monga Dokotala Kenneth Maleta, adayesa ana oposa 1,000 kuti aone ngati zida za azungu zoyezera kakulidwe ka mwana zingagwire ntchito kumudzi. Lipoti lawo lidatuluka m'chaka cha 2008. Mafunso a kukhala, kukwaŵa ndi kuyenda adayenda bwino, popeza mwana amakwaŵa chimodzimodzi ku London ndi ku Lungwena. Ovuta adali mafunso a chikhalidwe ndi kucheza, amene m'zida zakunja amafunsa ngati mwana amadzikonzera chakudya cham'maŵa cha m'paketi kapena amaseŵera makadi. Ofufuzawo adakhala pansi ndi makolo a m'midzi naŵafunsa kuti mwana wokula bwino amamudziŵa bwanji, ndipo mayankho adali akuti amatumika, amapereka moni mwaulemu, amagaŵana ndi anzake, amathandiza ntchito za pakhomo. Kuchokera m'zimenezi mudatuluka chida chathuchathu chotchedwa MDAT, chosindikizidwa m'chaka cha 2010, cha mafunso 136 m'magawo anayi, chogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamudzi. Lero chikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri kunja kwa Malaŵi. Chida chimenechi sichinena kuti mwana ali ndi autism. Chimangoonetsa kuti watsalira pati poyerekeza ndi anzake a kumudzi. Koma taonani kuti mbali imene idavuta kwambiri ku Lungwena, ya kucheza ndi anthu, ndiyo mbali imene autism imakhala.

Palinso vuto lina limene anzathu a ku Ulaya alibe. Kuno kunyanja, mwana wosalankhula angakhale ndi zifukwa zambiri. Mwina ndi wogontha chifukwa cha mafinya a m'khutu amene sadachizidwe. Mwina adabanika pobadwa, kapena adanyentchera ali khanda. Mwina adadwala malungo a muubongo. Ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre adalondola ana 132 amene adachira malungo otere, ndipo lipoti la 2010 lidaonetsa kuti 12 adayamba khunyu ndipo 14 adasintha khalidwe nakhala osakhazikika ndi aukali. Ku Tanzania, m'chaka cha 2006, mwa ana 14 a autism amene adafufuzidwa, 3 adali akukula bwinobwino mpaka pamene adadwala malungo aakulu. Choncho amene afulumira kutchula autism angaphonye kugontha kumene kukadathandizika, ndipo amene angoti ndi malungo akale angaphonye autism. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kudekha n'kovuta kwa namwino amene ali ndi mzere wa amayi 200 tsiku la sikelo.

Ena anganene kuti, dzinalo lipindulanji ngati mankhwala ochiza palibe? Zoonadi palibe mankhwala, kaya a m'botolo kaya a zitsamba, amene amachotsa autism, ndipo amene akulonjezani zimenezo akufuna mbuzi yanu. Komabe phindu lilipo. Mphunzitsi wodziŵa sagwaditsa mwana padzuŵa. Amamukhazika kutali ndi belu, amamuchenjeza zinthu zisanasinthe, amamuphunzitsa ndi zithunzi. Mayi wodziŵa amaleka kuyenda kwa asing'anga kufunafuna womulodza, ndipo apongozi amaleka kumuloza chala. Mwana amene wayamba kuthandizidwa msanga amaphunzira kuloza, kupempha ndi manja, kudzidyetsa ndi kupita kuchimbudzi, zinthu zimene zimasintha moyo wa nyumba yonse. Khunyu, limene limapezeka kaŵirikaŵiri pamodzi ndi autism, lili ndi mankhwala ake m'zipatala zathu. Ndipo lamulo la anthu olumala la 2024, limene lidaloŵa m'malo mwa la 2012, limapatsa mwana wotere ufulu wa maphunziro monga wina aliyense. Tsono inu makolo, ngati mwana wafika chaka ndi theka koma salozera chinthu kuti muone, satembenuka mukamuitana dzina pamene amamva phokoso lina, sanena liwu lililonse, kapena wataya mawu amene adali nawo, nenani kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kusikelo, ndipo pemphani kuti ayambe amuyeza makutu.

Chaka chatha ndidabwereranso kudoko kuja kukajambula mawu a asodzi pa nkhani ya kuchepa kwa chambo. Mnyamata wanga uja tsopano ndi wamtali kundiposa. Sukulu adalekeza Sitandade 4. Amasoka maukonde a atsibweni ake, ndipo maboti akakocheza m'maŵa ndiye amaŵerenga zidebe za usipa. Amalonda amati iye akanena chiŵerengero palibe wobwereza. Sadandiyang'ane, koma adatchula dzina langa lonse ndi tsiku limene ndidafika pasukulu paja. Ndidapitanso kwa mayi wa mtsikana uja. Mwana wawo adali pakhonde akugwedezeka uku ndi uku, dzanja lili ndi zipsera. Mayiwo imvi zayamba, ndipo adandifunsa kuti iwo akadzamwalira adzamusunga ndani, popeza abale ake onse ali ku Joni. Kenaka adaloŵa m'nyumba natulutsa kabuku ka kusikelo kokulunga m'pepala la pulasitiki. Mudali molembedwa bwino kulemera kwa mwanayo mwezi ndi mwezi, ndi katemera yense mpaka womaliza. Masamba otsalawo adali oyera.